Bala la pabondo, khodi yake ndi bilu yake: ufulu ndi udindo wa wovulala ku Kabanana

Bala lililonse limene lasamalidwa kuchipatala limasiya zinthu ziwiri, chipsera pathupi la wovulala ndi mizere ingapo yolembedwa m'kaundula wa chipatalacho, ndipo pamene nkhani ya malipiro, ya chipukuta misozi kapena ya mlandu yabuka, mizere yolembedwayo ndiyo imamvedwa kuposa chipseracho. Ku Kabanana, komboni ya kumpoto kwa mzinda wa Lusaka yoyandikana ndi Chazanga ndi komboni ya Chipata, bondo limavulala m'njira zodziwika kwa aliyense wokhala kumeneko: kuterereka n'kugwera m'ngalande yosavindikira nthawi ya dzinja, kuchekedwa ndi lata lakale la mpanda, kugwa pa njinga yamoto mumsewu wamiyala, kulumidwa ndi galu, kapena kukhapidwa pa ndewu. Ovulala ambiri amachoka kuchipatala akudziwa tsiku lodzachotsa ulusi koma osadziwa chimene chalembedwa za iwo, ndipo kusadziwa kumeneku kumadzawapweteka patapita miyezi, pamene bwana akukana kuti ngozi inachitikira pantchito kapena kampani ya inshuwaransi ikufuna umboni.

Chimene chimalembedwa chili ndi mbali ziwiri, mawu ofotokoza zimene wachipatala waona, ndiponso khodi, kutanthauza chilembo chophatikizidwa ndi manambala chimene chimaimira matenda kapena kuvulala kwinakwake mumndandanda umene mayiko anagwirizana. Mndandandawu umatchedwa International Classification of Diseases, mwachidule ICD, ndipo gwero lake ndi kaundula wa zifukwa za imfa amene katswiri wa chiwerengero cha anthu wa ku France, Jacques Bertillon, anakonza n'kuvomerezedwa mu 1893. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayamba kuuyang'anira mu 1948, ndipo kuyambira pamenepo munalowanso matenda ndi kuvulala kumene sikupha munthu. Mtundu wake wachikhumi, ICD-10, unavomerezedwa mu 1990 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1994, pamene ICD-11 inavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, ngakhale kuti mayiko akusamukirako pang'onopang'ono ndipo zipatala ndi makampani a inshuwaransi ambiri adakagwiritsabe ntchito ICD-10. Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti khodi inapangidwa kuti boma lizitha kuwerenga matenda a anthu ake, ndipo ntchito yolipiritsa inadzabwera pambuyo. Khodi payokha si mtengo, ndipo wogwira ntchito pa zenera lolipirira amene akuuza wodwala kuti ndalama zakwera chifukwa cha khodi sanamupatse yankho lokwanira, pakuti chimene chimalipiridwa ndi ntchito imene yagwiridwa, pamene khodi imangochitira umboni kuti ntchitoyo inali yofunika.

Mu ICD-10 kuvulala kwa ziwalo zosiyanasiyana za thupi kumayamba ndi chilembo S, ndipo manambala a 80 mpaka 89 ndi a bondo ndi msongolo. Bala lotseguka la pabondo, ndiye kuti bala limene khungu lang'ambika, lachekeka, labooka kapena lalumidwa, khodi yake ndi S81.0. Makhodi oyandikana nayo ndi ofunika kuwadziwa chifukwa ndi pamenepa pamene zolakwa zimachitikira: S80.0 ndi kutupa kapena kuvulala kwa mkati chifukwa chomenyetsa bondo khungu losang'ambika, S82.0 ndi kuthyoka kwa fupa lozungulira la patsogolo pa bondo limene madokotala amalitcha patella, gulu la S83 ndi la kuguluka kwa bondo ndi kubinya kapena kuduka kwa minyewa yogwira mfundoyo, pamene S76.1 ndi kuvulala kwa mnofu waukulu wa patsogolo pa ntchafu ndi mtsempha wake umene umawongola mwendo. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi makhodi awiri kapena atatu pa ngozi imodzi, ndipo malangizo a ICD amafuna kuti kuvulala kwakukulu, monga fupa lothyoka, kukhale patsogolo pa bala la pakhungu.

Vuto la S81.0 ndi lakuti imaphimba zinthu zosiyana kwambiri. Bala la mwana amene wagwa pa mwala n'kusokedwa malo atatu ndi bala la munthu amene chitsulo chamubaya mpaka kulowa m'mfundo zingathe kukhala ndi khodi imodzimodziyo, pamene chithandizo chake ndi mtengo wake n'zotalikirana. Bondo ndi mfundo yaikulu yokutidwa ndi kathumba ka madzi oterera, ndipo kathumbaka kali pafupi kwambiri ndi khungu, mwakuti bala looneka laling'ono lingathe kukabowola n'kulowetsa dothi ndi tizilombo mkati. Zikatero bondo limatupa, limatentha n'kudzaza mafinya m'masiku ochepa, ndipo likachedwa kutsukidwa kuchipinda cha opaleshoni limatha kuuma osapindikanso bwino moyo wonse. N'chifukwa chake wachipatala wosamala amauza wovulala kuti atukule mwendo ali chigonere osapinda bondo, kuti aone ngati mtsempha wowongola mwendo uli bwino, amayang'ana ngati pabala pakutuluka madzi oterera, amajambulitsa X-ray akakayika fupa kapena galasi lotsalira, ndipo nthawi zina amabaya madzi amchere oyera m'mfundo kumbali ina kuti aone ngati atulukire pabalapo. Zonsezi khodi siinena. Zimene zimateteza wovulala ndi mawu olembedwa pambali pa khodiyo: bondo la kumanja kapena la kumanzere, kutalika kwa bala m'masentimita, kuya kwake, ngati munali dothi kapena chinthu china, ola limene ngozi inachitika ndi limene wovulala anafika, jakisoni wa kafumbata ngati waperekedwa, ndiponso katemera wa chiwewe ngati wovulazayo ndi galu.

Pali khodi yachiwiri imene imaiwalika kawirikawiri ngakhale kuti ndiyo imaloza wolipira. ICD-10 ili ndi mutu wonse wa zinthu zochititsa kuvulala, wa makhodi oyamba ndi V, W, X ndi Y. Woyenda pansi amene wagundidwa pamsewu amalembedwa pakati pa V01 ndi V09, wokwera njinga yamoto pakati pa V20 ndi V29, woterereka kapena kupunthwa n'kugwa W01, wochekedwa ndi galasi W25, wolumidwa ndi galu W54, pamene wovulazidwa dala ndi chinthu chakuthwa amalembedwa X99. Bala lingathe kufanana, koma mabondo awiri okhala ndi S81.0, lina la V03 lina la W01, amalowera m'njira zosiyana za malamulo, chifukwa loyambalo lili ndi galimoto imene iyenera kukhala ndi inshuwaransi, pamene lachiwirilo nthawi zambiri lilibe woliyankhira.

Wofufuza pa intaneti amakumana ndi makhodi aatali monga S81.011A, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti chipatala chakwawo chalemba mopereweza. Makhodi amenewa ndi a ICD-10-CM, mtundu umene dziko la United States linadzikonzera n'kuyamba kulipiritsira pa 1 October 2015, ndipo manambala owonjezerawo amasiyanitsa mtundu wa bala, mbali ya thupi, ndiponso ngati chithandizo n'choyamba kapena chotsatira. Mndandanda wa WHO ulibe zimenezi, ndipo ichi n'chifukwa chinanso chimene mawu ofotokoza bala ayenera kukhala okwanira.

Funso la amene ayenera kulipira limayambira pa malamulo oyendetsera dziko la Zambia. Gawo lachitatu la malamulowa, limene limatchula maufulu amene nzika ingathe kukaumiriza kukhoti, limateteza moyo ndi ufulu wosazunzidwa koma silitchula chithandizo chamankhwala, ndipo referendamu ya pa 11 August 2016, imene inafuna kuwonjezera maufulu a zachuma ndi chikhalidwe cha anthu, inalephera chifukwa mavoti ovomereza sanafike pa mlingo wofunika. Zambia inavomereza pangano la maufulu a anthu la mu Africa, limene ndime yake ya 16 imanena za ufulu wa thanzi, koma pa moyo watsiku ndi tsiku chimene wovulala amadalira ndi ndondomeko za boma ndi malamulo ang'onoang'ono. Malipiro a m'zipatala za boma, amene anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anachotsedwa m'maboma akumidzi mu 2006 mu ulamuliro wa Levy Mwanawasa, ndipo mu 2012, mu ulamuliro wa Michael Sata, anachotsedwa pa chithandizo choyamba m'dziko lonse. Choncho kutsuka bala, kusoka ndi kumanga bandeji pa kiliniki ya boma si ntchito yoti munthu apereke ndalama m'manja mwa wogwira ntchito, ndipo ndalama iliyonse yopemphedwa popanda lisiti la boma iyenera kukayikiridwa. Zimachitika kuti mankhwala kapena ulusi watha ndipo wodwala amapatsidwa pepala lokagulira ku famase, chimene ndi cholemetsa kwa banja losauka koma n'chosiyana ndi chiphuphu. Lisiti la ku famaseko liyenera kusungidwa chifukwa lidzawerengedwa pofuna chipukuta misozi. Bala lozama limatumizidwa kuchipatala cha m'komboni ya Chipata, chimodzi mwa zipatala zisanu za m'makomboni a Lusaka pamodzi ndi Matero, Chilenje, Kanyama ndi Chawama zimene zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo lofuna akatswiri a mafupa limapitirira ku University Teaching Hospital kapena ku Levy Mwanawasa University Teaching Hospital. Kalata yotumizira wodwala ndi yofunika kawiri, chifukwa imanyamula mbiri ya balalo komanso imaonetsa kuti munthu sanalumphe kiliniki mwa kufuna kwake.

Njira yachiwiri yolipirira inabwera ndi lamulo la inshuwaransi ya zaumoyo, National Health Insurance Act nambala 2 ya 2018, limene linakhazikitsa bungwe la NHIMA. Wogwira ntchito yolembedwa amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito amawonjezera 1 peresenti ina, odzilemba okha ntchito monga ogulitsa pamsika amalembetsa ndi kusonkha paokha, ndipo lamuloli limamasula anthu ena, monga okalamba opitirira zaka 65 ndi osauka ovomerezedwa ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu, kuti asamasonkhe. Membala akalandira chithandizo pa chipatala chovomerezedwa, chipatalacho chimatumiza pempho la malipiro ku NHIMA lotchula matenda ndi ntchito yogwiridwa, ndipo bungwelo limalipira motsatira mitengo imene linakhazikitsa. Apa ndi pamene khodi imakumana ndi ndalama. Pempho limene likunena za kutupa chabe kwa S80.0 koma likufuna malipiro a kusoka limadzitsutsa lokha ndipo lingathe kubwezedwa, ndipo cholakwa chotere n'cha wolemba, chimene chipatala chiyenera kukonza chokha m'malo mochisandutsa ngongole ya wodwala. Membala amene akuuzidwa kuti awonjezere ndalama ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi ntchito iti imene inshuwaransi siilipira, ndi kupempha kuti yankholo lilembedwe.

Ngozi yapantchito ili ndi thumba lakelake pansi pa Workers' Compensation Act nambala 10 ya 1999, loyendetsedwa ndi Workers' Compensation Fund Control Board, ndipo osonkha m'thumbali ndi olemba ntchito okha. Womanga nyumba amene wagwa pa makwerero n'kung'ambika bondo ayenera kudziwitsa bwana wake mwamsanga, bwanayo ayenera kukanena ngoziyo ku bungweli, ndipo lipoti la dokotala ndilo limagwiritsidwa ntchito poyeza masiku amene munthu walephera kugwira ntchito ndi ulumali wotsalira. Zimachitika kuti kapitawo amaperekeza wovulala kuchipatala n'kumunong'oneza kuti anene kuti wagwa kunyumba, n'kumulonjeza kuti kampani imusamalira mwakachetechete. Amene wavomera zimenezi wagulitsa umboni wake pa mtengo wa bandeji, chifukwa bondo likadzauma patapita chaka kaundula adzakhala akunena kuti ngoziyo inachitikira pakhomo pake. Pamsewu, Road Traffic Act nambala 11 ya 2002 imafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwaransi yolipira anthu ena amene ingawavulaze, ndipo wogundidwa amafunika nambala ya galimoto, lipoti la apolisi la ngoziyo, lipoti la chipatala ndi malisiti onse, ngakhale a taxi yopitira kukamangitsa bala.

Pa mlandu wovulazana, apolisi amapereka fomu ya lipoti la chipatala imene wachipatala amadzaza ndi kusaina, ndipo mawu ake amathandiza kusankha mlandu umene wovulaza aimbidwe. Penal Code, mutu 87 wa malamulo a Zambia, imasiyanitsa kumenya kovulaza thupi pa ndime 248, kuchititsa bala mosaloledwa pa ndime 232, ndi kuvulaza koopsa pa ndime 229, kumene chilango chake chimafika zaka 7 m'ndende. Lamuloli limatenga bala kukhala kucheka kapena kuboola kumene kwapyola chikuto chakunja cha thupi, pamene kuvulaza koopsa ndi kumene kwaika moyo pachiswe, kwalumalitsa kapena kwawononga chiwalo kwambiri kapena mpaka kalekale. Bondo lokhapidwa ndi chikwanje mpaka kudula mtsempha, likalembedwa mwachangu kuti ndi bala chabe, lingathe kuchepetsa mlandu waukulu, ndipo woweruza amene akuona wodandaula patapita miyezi isanu, bala litapola, alibe china chodalira kupatula pepalalo ndi umboni wa wolilemba. Kufunika kwa fomuyi sikutanthauza kuti munthu wotaya magazi ayambe wayenda kupolisi. Mwambo wa ntchito yachipatala umaika kupulumutsa moyo patsogolo, ndipo fomu ingathe kudzazidwa pambuyo kuchokera m'zimene zinalembedwa pa tsiku loyamba. Bala lochokera ku nkhanza za m'banja limakhudzanso Anti-Gender-Based Violence Act nambala 1 ya 2011 ndi nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit, ndipo mayi amene amauza nesi kuti wagwa pomwe wakankhidwa amataya umboni umene ungadzamuthandize kupeza chitetezo cha khoti.

Ufulu woona zolembedwazi uli ndi maziko m'lamulo. Data Protection Act nambala 3 ya 2021 imaika nkhani za thanzi la munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo imapatsa mwini wake ufulu wodziwa zimene zasungidwa za iye ndi wopempha kuti zolakwika zikonzedwe, kaya zili m'fayilo ya mapepala kaya zili m'kompyuta ya SmartCare, dongosolo limene zipatala zambiri za boma zimasungiramo mbiri ya odwala. Lamulo lomweli limaletsa kuti mbiriyo iperekedwe kwa bwana, kwa wachibale kapena kwa wina aliyense popanda chilolezo cha mwini wake kapena chifukwa chovomerezeka ndi lamulo. Kukonza kaundula wachipatala sikuchitika pofufuta. Wachipatala amadula mzere wolakwika moti uziwerengekabe, n'kulemba cholondola, tsiku ndi dzina lake, ndipo kukonza kochitika tsiku lomwelo kumakhulupiriridwa kuposa kochitika mlandu utayamba kale. Wovulala amene satha kuwerenga Chingerezi angapemphe kuti amuwerengere m'Chinyanja zimene zalembedwa, ndipo pempho limeneli si chipongwe kwa dokotala, ngakhale kuti pa mzere wautali wa odwala limafuna kulimba mtima.

M'zipatala zolipira, ndiponso m'mbali zolipira za zipatala za boma, wodwala ayenera kupempha bilu yotchula chinthu chilichonse pachokha: kuonana ndi dokotala, jakisoni wochititsa dzanzi, kusoka, X-ray, mankhwala, bandeji ndi masiku ogona. Bilu yotere imaulula zolakwa zitatu zimene zimadziwika kulikonse kumene kuli inshuwaransi, kukweza khodi kuti bala laling'ono lioneke lalikulu, kulipiritsa ntchito imodzi kawiri poigawa tizidutswa, ndi kulipiritsa chimene sichinachitike. Membala wa NHIMA angaone ngati zimenezi sizimukhudza poti ndalama sizichoka m'thumba mwake tsiku limenelo, koma thumba limene likuonongekalo ndi lomwe amasonkhamo mwezi ndi mwezi, ndipo mbiri yabodza yakuti bondo lake linathyokapo ingadzagwiritsidwe ntchito kuchepetsa chipukuta misozi chake pa ngozi ina. Udindo wa nzika ndi wofanana kulemera kwake: kunena zoona za mmene ngozi inachitikira, kusasaina fomu yosadzazidwa, kusabwereketsa umembala wake kwa mnansi, kusapempha wachipatala kuti akulitse bala papepala pofuna kukhaulitsa mdani, ndi kubwerera pa tsiku lopatsidwa, pakuti ulusi wa pabondo nthawi zambiri umachotsedwa pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo wothawa kuchipatala amapatsa mbali inayo mpata wonena kuti balalo linakula chifukwa cha kusasamala kwa mwini wake.

Dandaulo limayambira kwa mkulu wa kiliniki kapena chipatala chomwecho, makamaka polemba kalata ndi kusunga kope lake, ndipo komiti ya zaumoyo ya m'dera ingathe kuperekeza wodandaula. Likapanda kumveka, khalidwe la dokotala kapena la clinical officer, amene ndi wachipatala wophunzitsidwa kuyeza ndi kuchiza matenda ambiri pa makiliniki, limakadandaulidwa ku Health Professions Council of Zambia, bungwe limene limaperekanso ziphaso kwa zipatala zolipira, pamene la manesi limapita ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Mkangano wa membala ndi chipatala pa malipiro umapita ku NHIMA, wa kampani ya inshuwaransi ya galimoto ku Pensions and Insurance Authority, chiphuphu ku Anti-Corruption Commission, ndipo kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma ku ofesi ya Public Protector. Amene akufuna kusumira womuvulaza koma alibe ndalama za loya angapite ku Legal Aid Board, ndipo ayenera kutero msanga, chifukwa mlandu wofuna chipukuta misozi pa kuvulala kwa thupi uyenera kuyambika pasanathe zaka 3 kuchokera pamene kuvulalako kunachitika.